Phunziro 1: Pamene Panalibe Kanthu

SABATA MASANA

Werengani mlungu uno: Genesis 1:1 mpaka 2:3, Yobu 38:1-7, Masalmo 33:6-9, Yohane 1:1-3, Aroma 4:17-21.

Vesi Loloweza: Ahebri 11:3.

Lingaliro Lalikulu: Zinthu zonse zimene tizidziwa zinachita kulandira kukhalapo kwawo. Mulungu yekha ndiye sanalandire kwa wina aliyense. Popeza analenga popanda poyambira, sasowa kupeza kanthu mwa ife kuti atilengenso.

Mayi woumba mbiya amalawirira kudambo kukakumba dongo. Mmisiri asanakhome mpando, amayamba wafuna matabwa. Ngakhale nsima imene tidya tsiku ndi tsiku isowa ufa, madzi ndi moto. Chiyambire palibe munthu amene anapangapo chinthu wopanda poyambira. Luso lathu lonse ndi losintha maonekedwe a zinthu zimene tinazipeza zilipo kale.

Nanga dongolo linachokera kuti? Tikati linachokera ku miyala yofumbutuka, funso lingosunthira patsogolo: nanga miyalayo? M'chaka cha 1714, munthu wanzeru wa ku Germany, Gottfried Leibniz, anafunsa chifukwa chake zinthu zilipo m'malo moti pasakhale kanthu konse. Funso lomweli amalifunsa mwana wamng'ono poyang'ana nyenyezi, ndipo amalifunsanso wophunzira amene wabwera kutchuthi atamva kusukulu kuti chilengedwe chinadziyambitsa chokha. Mlungu uno tiona yankho la Baibulo, ndi chifukwa chake chiyembekezo chathu chonse chitsamira pa yankholo.

SANDE: Nkhani Zonse Ziyambira Pakati

Makolo athu anati utsi sufuka popanda moto. Anthu anzeru a ku Girisi anaona choonadi chomwechi. Parmenides, amene anakhalako zaka pafupifupi 500 Khristu asanabadwe, anaphunzitsa kuti chimene kulibe sichingabale chimene chilipo. Amene anadza pambuyo pake anavomereza mfundoyi, ndipo inawafikitsa pa ganizo lakuti zipangizo za dziko zinalipo chikhalire. Plato anafotokoza za mmisiri wakumwamba amene anapeza zinthu zili chipwirikiti nazilongosola. Aristotle anati dziko linalibe chiyambi konse.

Mitundu yozungulira Israyeli inali ndi nthano zawo. Ababulo ankati mulungu wawo Marduk anapha Tiamat, mulungu wamkazi wa nyanja, nang'amba thupi lake pakati. Mbali ina anapangira thambo, mbali ina dziko. Kuno kwathu, makolo a Achewa ankasimba kuti Chauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi, pamodzi ndi nyama ndi mvula, pa Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama. Makolowo anazindikira bwino kuti moyo ndi mphatso yochokera kumwamba, ndipo dzina lakuti Namalenga ndi umboni wake. Koma m'nkhaniyo dziko lipezeka lilipo kale, louma ndi lopanda moyo, ndipo sitiuzidwa kumene linachokera.

Taonani kuti nkhani zonsezi ziyambira pakati. Pamakhala madzi, kapena dothi, kapena chipwirikiti chimene palibe anachipanga.

Werengani Genesis 1:1. Kodi vesi limeneli litchula chinthu china chilichonse chimene chinalipo pamodzi ndi Mulungu asanayambe kulenga? Yerekezani ndi Yesaya 44:24.

Kusiyana kumeneku si kwa mawu chabe. Mulungu amene anachita kupeza zipangizo ali ndi malire, pakuti mmisiri sangapitirire pamene matabwa ake amulola. Thabwa likakhala lokhota, mmisiri amanena kuti, "Ndayesetsa, koma mtengowu ndi woipa." Mulungu wotere angathe kutimvera chisoni, koma sangalonjeze kuti adzathetsa imfa, popeza pali zina zimene si iye anazikhazika.

Lingalirani: Ndi zinthu ziti m'moyo mwanu zimene mumaziona ngati zinalipo chikhalire, zoti ngakhale Mulungu sangazisinthe?

LOLEMBA: Analankhula, Ndipo Zinakhalapo

M'Chihebri, mawu amene ali pa Genesis 1:1 onena za kulenga ndi "bara". M'Chipangano Chakale, paliponse pamene mawuwa atanthauza kulenga, wochita ntchitoyo ndi Mulungu, ndipo sipatchulidwa chipangizo chimene anachigwiritsa ntchito. Pali mawu ena, "yatsar", amene anena za ntchito ya woumba mbiya. Amenewa ndiwo ali pa Genesis 2:7, pamene Mulungu aumba munthu ndi dothi. Motero Mulungu achita ziwiri zonse: alenga, ndipo aumba. Koma dothi limene anaumbira Adamu linali lolenga Iye mwini.

Werengani Masalmo 33:6, 9. Kodi wamasalmo atchula chida chanji chimene Mulungu anachigwiritsa ntchito?

Mawu a munthu amafotokoza zinthu zimene zilipo. Tikanena kuti kwacha, ndiye kuti kuwala kwafika kale. Mawu a Mulungu achita zosiyana: kuwala kudza chifukwa Iye wakutchula. Mfumu ikalamula, pamafunika anyamata oti akachite. Pamene Mulungu analamula, panalibe woti amve lamulolo. Lamulo lomwelo ndilo linadzetsa chomvera.

Werengani Ahebri 11:3, Yohane 1:1-3, Akolose 1:16, 17. Kodi pali chinthu chimene mavesiwa achisiya kunja kwa ntchito ya Mlengi? Nanga Mlengiyo ndani?

Ena afunsa za Genesis 1:2, pamene dziko lioneka lopanda maonekedwe, lokutidwa ndi madzi ndi mdima. Ophunzira Baibulo mumpingo mwathu asiyana maganizo pang'ono: ena ati dziko losaumbikalo linalengedwa pa tsiku loyamba lomwelo, ena ati Mulungu analilenga kale mlungu wa chilengedwe usanayambe. Koma onse agwirizana pa mfundo yaikulu: madzi aja ndi mdima uja sizinali zopikisana ndi Mulungu. Yohane atseka khomo lililonse ponena kuti palibe cholengedwa chimene chinakhalapo popanda Mawu.

Choncho Baibulo silitsutsa mwambi wa utsi ndi moto. Siliphunzitsa kuti zinthu zinangotumphuka popanda wozichititsa. Liphunzitsa kuti panalibe chipangizo, koma Wochita analipo.

Lingalirani: Iye amene analenga zonse ndi mawu ndi Yemweyo anapachikidwa pa mtengo umene anaumeretsa yekha. Kodi zimenezi zikuuzani chiyani za mtengo wake wa chipulumutso chanu?

LACHIWIRI: Pamene Sayansi Inakumana ndi Chiyambi

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, akatswiri ambiri a sayansi ankaganiza ngati Aristotle, kuti thambo lilibe chiyambi. Albert Einstein atatulutsa chiphunzitso chake cha mphamvu yokoka m'chaka cha 1915, masamu ake anaonetsa kuti thambo silingakhale chiimire. Iye sanakondwe nazo, ndipo m'chaka cha 1917 anawonjezera chiwerengero china m'masamuwo kuti thambo likhale losasuntha.

M'chaka cha 1927, Georges Lemaître, wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium amenenso anali katswiri wa masamu, anaonetsa kuti thambo likufutukuka. M'chaka cha 1929, Edwin Hubble, pogwiritsa ntchito makina aakulu oonera kutali pa phiri la Mount Wilson ku California, anapeza kuti milalang'amba ikutalikirana nafe, ndipo yakutali kwambiri ndiyo ithamanga koposa. Ngati zinthu zikumwazikana lero, ndiye kuti kale zinali pamodzi. Fred Hoyle, amene ankatsutsa ganizoli, ndiye analipatsa dzina lakuti Big Bang, ndiko kunena kuphulika kwakukulu, polankhula pa wailesi ya BBC m'chaka cha 1949. M'chaka cha 1965, Arno Penzias ndi Robert Wilson a ku New Jersey analengeza za kaphokoso kofooka kamene makina awo ankakamva kuchokera mbali zonse za thambo. Poyamba anaganizira zitosi za nkhunda zimene zinali m'makinawo, nazichotsa, koma kaphokosoko sikanathe. Akatswiri anakamasulira kuti ndi kutentha kotsalira kwa thambo lakale. Lero ambiri a iwo amati kufutukukaku kunayamba zaka mabiliyoni 13.8 zapitazo.

Werengani Yobu 38:1-7. Kodi Mulungu amukumbutsa Yobu malire anji a nzeru za munthu?

Pano tiyenera kuyenda mosamala. Nzoona kuti sayansi, imene kale inkaseka ganizo la chiyambi, tsopano ilankhula za chiyambi. Koma Big Bang si Genesis. Ife a mpingo wa Seventh-day Adventist tikhulupirira kuti Mulungu anakonza dziko lino ndi kulenga zamoyo zake m'masiku asanu ndi limodzi enieni, osati kalekale kosawerengeka, monga msonkhano wa General Conference wa ku San Antonio unatsindikira m'chaka cha 2015. Ndipo tisaiwale kuti pamene Papa Pius XII ananena m'chaka cha 1951 kuti sayansi yachitira umboni kulenga, Lemaître mwiniwake sanakondwere nazo. Iye sanafune kuti chikhulupiriro chimangidwe pa chiphunzitso cha sayansi, chimene chingathe kusintha. Pa mfundo iyi tingaphunzire kwa iye. Ahebri 11:3 sanena kuti tizindikira kulenga ndi makina oonera kutali.

Lingalirani: Kodi mungamuthandize bwanji wachinyamata kulemekeza sayansi popanda kuiyesa mwala womangapo chikhulupiriro chake?

LACHITATU: Nkhokwe Yopanda Chimanga Ikadali Nkhokwe

Mlimi amaika chimanga chooneka choyera m'thumba namanga pakamwa. Patapita miyezi, apeza anankafumbwe ali yakaliyakali. Achokera kuti? Kuyang'ana ndi maso, zioneka ngati angobuka okha. Koma nankafumbwe wamkazi amaboola njere, naikira dzira m'katimo, natseka pabowopo, kawirikawiri chimanga chikadali kumunda. Kale anthu a ku Ulaya ankakhulupiriranso kuti mphutsi zimabadwa zokha m'nyama yowola. M'chaka cha 1668, Francesco Redi wa ku Italy anaika nyama m'mitsuko, ina yotsegula, ina yophimba. Mphutsi zinaoneka pa nyama yokhayo imene ntchentche zinaterapo. Chooneka ngati chabuka chokha chimakhala ndi kholo lobisika.

Masiku ano ganizo lofanana nalo labweranso, koma lanena za chilengedwe chonse. Sayansi ya tinthu ting'onoting'ono, yotchedwa quantum physics, yapeza kuti ngakhale m'malo mmene mwachotsedwa mpweya ndi china chilichonse mumatsala mphamvu yosakhazikika. M'chaka cha 1973, Edward Tryon anati mwina chilengedwe chonse chinatumphuka m'malo otere. Stephen Hawking analemba m'chaka cha 2010 kuti popeza pali lamulo la mphamvu yokoka, chilengedwe chingathe kudzilenga chokha. Lawrence Krauss anaphunzitsa zofanana m'chaka cha 2012. Koma David Albert wa ku Columbia University, katswiri wa filosofi amenenso anaphunzira sayansi yomweyo, anayankha kuti malo okhala ndi mphamvu ndi malamulo sangatchedwe opanda kanthu. Nkhokwe yopanda chimanga ikadali nkhokwe. Wina anadula nsungwi nailuka. Funso la Leibniz likadalipo: nanga mphamvuyo ndi malamulowo zilipo chifukwa ninji?

Apa wina afunsa: "Nanga Mulunguyo anamulenga ndani?" Tiyerekeze kuti mwabwereka khasu kwa mnansi wanu. Iye akuuzani kuti nayenso anabwereka, ndipo amene anamubwerekayo anabwerekanso kwina. Ngakhale mzere wa obwereka utatalika bwanji, khasu silikadafika m'manja mwanu pakadapanda mwini khasu. Kukhalapo kwathu ndi kobwereka. Tinakulandira kwa makolo, iwonso anachita kulandira. Dzuwa ndi nyenyezi nazo zili ndi pamene zinayambira. Payenera kukhala Mmodzi amene kukhalapo ndi kwake. Kufunsa amene anamulenga kuli ngati kufunsa kuti mwini khasu anabwereka kwa yani.

Werengani Eksodo 3:13, 14, Masalmo 90:2, Machitidwe 17:24-28. Kodi dzina limene Mulungu anauza Mose liyankha bwanji funso limeneli?

Lingalirani: Munthu wobwereka chinthu amachisamala motani? Nanga ngati mpweya wanu ndi wobwereka, muyenera kuugwiritsa ntchito bwanji lero?

LACHINAYI: Iye Amene Aitana Zimene Kulibe

Chiphunzitso ichi sichinalembedwe kuti tizipambana nacho pa mtsutso. Olemba Baibulo amachikumbukira makamaka pamene anthu a Mulungu afika posowa pogwira.

Werengani Aroma 4:17-21. Kodi Abrahamu anali ndi chiyani m'thupi mwake chimene Mulungu akadayambirapo? Nanga anakhulupirira Mulungu wotani?

Abrahamu anali ndi zaka pafupifupi 100, ndipo Sara anali atapitirira kale msinkhu wobereka. Paulo aika pamodzi zinthu ziwiri: kupatsa moyo akufa, ndi kuitana zinthu zimene kulibe. Kwa Mulungu imeneyi ndi ntchito imodzi.

Werengani Masalmo 51:10. Davide atachimwa ndi Bateseba ndi kuphetsa Uriya, anapempha chiyani?

M'pemphero limeneli Davide anagwiritsa ntchito mawu aja a pa Genesis 1:1, "bara". Sanapemphe kuti Mulungu asoke chigamba pa mtima wake wakale. Anadziyang'ana m'kati napeza kuti mulibe thabwa lowongoka loti mmisiri n'kuyambirapo. Ambiri a ife timazengereza kudza kwa Khristu chifukwa tifuna tiyambe tasonkhanitsa zipangizo: kaubwino pang'ono, miyezi ingapo yosagwa m'tchimo lija. Koma Mlengi sanasowepo zipangizo. Pa 2 Akorinto 4:6 Paulo anena kuti Mulungu amene analamula kuwala kutuluka mumdima ndi Yemweyo awalitsa m'mitima mwathu.

Taganizirani za kumanda. Tikhulupirira kuti akufa ali m'tulo ndipo sadziwa kanthu (Mlaliki 9:5). Sitiphunzitsa kuti mwa munthu muli mzimu wosafa umene umapitiriza moyo pawokha. Choncho tikatsitsa bokosi la mbale wathu, sititsala ndi chodalira china koma Mlengi. Mafupa adzasanduka fumbi. Ena anamira m'nyanja, ena anapsa ndi moto, ndipo manda awo sadziwika. Mulungu akadakhala mmisiri chabe, amenewa akadatayika kotheratu. Koma Iye amene anaitana nyenyezi pamene kunalibe nyenyezi adzaitana aliyense ndi dzina lake (Yohane 5:28, 29).

Werengani Eksodo 20:8-11 ndi Chivumbulutso 14:6, 7. Ndi chifukwa chanji chimene chaperekedwa chopembedzera Mulungu?

Adamu ndi Hava analengedwa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Tsiku lawo loyamba lathunthu linali Sabata. Anapumula asanalime mzere ndi umodzi womwe, pakati pa munda umene sanaubzale. Sabata lililonse timaika khasu pansi ndi kuvomereza zomwezo: sitinadzipange tokha, ndipo sitingadzipulumutse tokha.

Lingalirani: Ndi mbali iti ya moyo wanu imene mwaitaya mtima ponena kuti palibenso chotsala? Kodi mungaipereke kwa Mlengi monga momwe iliri?

LACHISANU: Kuphunzira Mozama

Werengani Yesaya 40:21-31 ndi Yesaya 65:17-19. Onani kuti mneneri alozera maso a anthu otopa ku nyenyezi asanawalonjeze mphamvu zatsopano. Onaninso kuti pa 65:17 mawu aja akuti "bara" abweranso, ponena za kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano. Baibulo liyamba ndi kulenga ndipo litsiriza ndi kulenga.

Tivomereze modzichepetsa kuti sitidziwa mmene mawu a Mulungu anasandukira nyenyezi, miyala ndi madzi. Baibulo litiuza amene anachita ndi chifukwa chake, koma silitilowetsa m'chinsinsi cha kachitidwe kake. Wokhulupirira ndi wosakhulupirira onse amafika pa malire pamene ayenera kunena kuti chinachake chinangokhalapo chosapangidwa. Wina amati ndi mphamvu ndi malamulo, zimene sizidziwa kuti iye alipo. Wina amati ndi Atate, amene anamufuna asanabadwe. Mulungu sanalenge chifukwa chosowa kanthu, pakuti Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera anali okwanira m'chikondi chawo. Tilipo chifukwa Iye anafuna kuti tikhalepo (Chivumbulutso 4:11).

Mafunso Okambirana:

1. Mwana wanu wabwera kuchokera kusukulu nanena kuti sayansi yatsimikiza kuti chilengedwe chinachokera popanda kanthu. Kodi mungamufunse mafunso otani, mofatsa ndi mosamunyoza, omuthandiza kuona tanthauzo la mawu akuti "popanda kanthu"?

2. Makolo athu ankadziwa Namalenga uthenga wabwino usanafike. Potsata chitsanzo cha Paulo pa Machitidwe 17:22-31, tingayambire pati polankhula ndi munthu wotsata chipembedzo cha makolo, ndipo ndi chiyani chatsopano chimene tiyenera kumuuza?

3. Pali kuopsa kotani pothamangira kunena kuti chotulukira chatsopano chilichonse cha sayansi chatsimikiza Baibulo? Nanga pali kuopsa kotani pokana sayansi yonse?

4. M'kalasi mwanu mungakhale wina amene waika maliro posachedwa, kapena amene amadziona kuti anabadwa mwangozi, wosafunidwa ndi aliyense. Kodi phunziro la mlungu uno lingamutonthoze bwanji, ndipo inu muchitapo chiyani Sabata lisanathe?

Mwachidule: Nzeru za anthu, zakale ndi zatsopano zomwe, zimayamba ndi chinthu chimene chilipo kale. Baibulo liyamba ndi Mulungu yekha, amene analenga zonse mwa Khristu ndi mawu ake. Popeza sanasowe chipangizo pachiyambi, angathe kulenga mtima watsopano mwa wochimwa amene alibe chopereka, ndi kudzutsa akufa amene asanduka fumbi. Sabata ndi chikumbutso cha mlungu ndi mlungu chakuti zonse zimene tili nazo tinachita kulandira.